Diso Lotsala la Goloboyi Nyani

Padangokhala, ndipo amene muli nane vomerani kuti tili tonse, kunali timu ya mpira wamiyendo ya nyama za ku Nsenjere. Timuyo inali ndi zonse zimene timu imayenera kukhala nazo: osewera, masapota, ndiponso komiti ya akuluakulu amene sanamenyepo mpira chibadwire. Wapampando wa komitiyo anali a Mvuu. Masapota anali achule, ndipo luso lawo linali loimba nyimbo iliyonse imene wina wawaphunzitsa m'mawa wa tsikulo. Pagolo pankaima Nyani, goloboyi amene anatumikira timuyo zaka khumi ndi zinayi osajomba ngakhale tsiku limodzi.

Kutsogolo kwa Nyani kunkaima Nungu, wotchinga kumbuyo. Kunena zoona, mdani wobwera ndi mpira sankafuna kumuyandikira, pakuti amene anamugundapo ankatha sabata akuzula minga. Koma Nungu anali ndi khalidwe limene aliyense ankalidziwa. Akachita mantha sankalimbana ndi mdani, komanso sankatembenuka kuti athawe. Ankaimika minga yonse, maso ali pa mdaniyo, n'kuthamanga chafutambuyo osaona kumene akupita. Ndipo kumbuyo kwa wotchinga kumbuyo kumakhala wosewera mmodzi yekha, ndiye goloboyi.

M'zaka zitatu zimene anasewera ku Nsenjere, Nungu anaboola mipira makumi awiri ndi umodzi, anatulutsidwa m'bwalo ndi khadi lofiira kasanu ndi kawiri, ndipo chaka chachitatu, pa masewero a chikho, anabwerera chafutambuyo pamene Nyani ankadziponya pansi kuti agwire mpira. Munga umodzi unalowa m'diso lamanzere la Nyani. Disolo silinaonenso.

Nungu sankadziyankhulira yekha. Anali ndi womuyankhulira, Nkhandwe, amene ntchito yake inali yofunira osewera malo m'matimu n'kumadya gawo la malipiro awo. Patangopita masiku awiri, bala lidakali laliwisi, Nkhandwe anafika kwa Nyani atanyamula nkhuku.

"Odi kuno, achimwene. Zakugweranizi zatikhudza tonse. Nungu sakudya, sakugona."

"Akanabwera yekha," anatero mkazi wa Nyani.

"Manyazi, alamu. Ndamusiya panjira akulira. Wandituma ndi kankhukuka kuti ndikapepese."

Ku Nsenjere kunali mwambo wakuti amene walandira nkhuku ya chipepeso n'kuidya pamodzi ndi wopepesayo, mlandu wake watha. Sautchulanso pabwalo, pamsonkhano, ngakhale pamowa. Akautchula, mlanduwo umatembenukira iye, chifukwa wanyoza amene anadzichepetsa. Nyani ankaudziwa mwambowu. Koma mutu unali utamangidwa nsanza, ululu unali waukulu, ndipo iye sanali wokonda mikangano. Analandira nkhukuyo. Itapsa, Nkhandwe anadya ntchafu zonse ziwiri pamodzi ndi nthutumba, napukuta pakamwa, natsazika.

Chaka chimenecho mgwirizano wa Nungu unatha, ndipo Nkhandwe anakamupezera malo ku timu ina yakutali. Timuyo inamusunga chaka chimodzi chokha n'kumumasula osanena chifukwa. Palibe wa ku Nsenjere anapita kukafunsa. Chimene iwo ankadziwa n'chakuti chichokereni Nungu timu yawo inkachinyidwa kawirikawiri, ndipo adani awo akale, timu ya Kutsidya, anawathira zigoli zinayi kwa duu pabwalo lawo lomwe. Nkhandwe anadikira mpaka manyaziwo atafika pachimake, ndipo pamenepo ndi pamene anapempha kuonana ndi komiti.

Pa msonkhanowo anaitanidwanso Nyani, poti anali wamkulu mwa osewera onse.

"Nkhani ndi imodzi, akuluakulu," anatero a Mvuu. "Timutengenso Nungu, kapena ayi?"

Nkhandwe anaimirira mwaulemu. "Bwana wapampando, ine sindichulutsa mawu. Nungu alipo, a Kutsidya sanathirepo zigoli zinayi pabwalo lino. Nungu palibe, munaona nokha. Matimu atatu akumufuna, koma iye akuti kwawo ndi kuno."

Nyani anakweza dzanja. "Bwana wapampando, ndili ndi mawu."

"Nenani, a Nyani."

"Ine ndi amene ndimaima kumbuyo kwa Nungu. Chaka chija cha chikho..."

Nkhandwe anatsokomola. "Pepani kukudulani, madala. Ndakhala ndikufuna kukufunsani. Nkhuku ija inali yonona?"

Akuluakulu onse anatembenuka kuyang'ana Nyani, ndipo aliyense ankaona nsanza yakuda imene inaphimba diso lake, koma palibe anaitchula.

"Pitirizani, a Nyani," anatero Nkhandwe. "Munali pa chaka cha chikho."

Nyani anatsitsa dzanja lake. "Za chaka chimenecho ndilibe nazo mawu. Pempho langa ndi limodzi. Musanasayine chilichonse, mumuyese Nungu pabwalo, muone ndi maso anu mmene amasewerera."

A Mvuu anakondwa ndi pempholi, chifukwa linawapatsa mpata wotseka msonkhano osagamula kanthu. Analamula kuti pakhale mayeso atatu, masiku atatu otsatizana.

Tsiku loyamba akomiti anakhala pamene amakhala akomiti onse, pamipando ya m'mbali mwa bwalo, pakatikati, kutali ndi magolo onse awiri. Oti alimbane ndi Nungu anawasankha ndi Nkhandwe, ndipo anasankha Gwape, Insa ndi Mbawala. Gwape anabwera ndi mpira mwaliwiro, koma atangoona minga anadumphira kumanja n'kuusiya. Insa anachita chimodzimodzi, kungoti iye anadumphira kumanzere. Mbawala anaponya mpira ali kutali, n'kupempha madzi akumwa. Nungu sanasunthe phazi ngakhale limodzi.

Pamenepo achule anayamba nyimbo imene Nkhandwe anawaphunzitsa m'mawa. Inali yaifupi, ya mizere iwiri. Wotsogolera ankatcha Nungu mpanda waminga n'kufunsa kuti angadutsepo ndani, ndipo gulu lonse linkavomera kuti palibe. Ankaibwereza osatopa, ndipo a Mvuu ankagwedeza mutu motsatira kayimbidweko.

"Mwaona, a Nyani?" anatero a Mvuu. "Atatu onse alephera."

"Ndaona, bwana. Koma awa ndi amene amaopa Nungu. Mawa mubweretse amene Nungu amamuopa."

"Alipo wotero?"

"Chiuli, womwetsa zigoli wathu yemwe. Ameneyo munga saudziwa."

"Zikhale choncho," anatero a Mvuu.

Popita kwawo, Nungu ananong'oneza Nkhandwe. "Bwana, Chiuli ndimamuopa zedi. Akandithamangira, miyendo ipita yokha."

"Ipite," anayankha Nkhandwe. "Iwe opa mmene ungathere. Zotsalazo ndi zanga."

Nkhandweyo anadutsira kumene azimayi ankatonola chimanga, napempha zitsononkho dengu lathunthu, akunena kuti akukasonkhera moto.

Tsiku lachiwiri Nungu analowa m'bwalo akuyenda ngati nkhokwe. Pansonga ya munga uliwonse panali chitsononkho. Akomiti anaimirira kuti aone bwino.

"Akuluakulu," anatero Nkhandwe, "ena akhala akunong'onezana kuti minga ya mnzathuyu imatha kukanda anzake. Sinditchula mayina. Ine ndinamva, ndipo sindinagone nazo. Umu ndi mmene akuchitira m'matimu akuluakulu kumene Nungu wachokera. Ndipo polemekeza msinkhu wa a Nyani, lero apume. Pagolo tiikepo thunthu la nthochi, limene ndi lofewa kuposa nkhope ya aliyense pano."

Anaimika thunthulo pakati pa golo. Chiuli anatenga mpira, naweramitsa mutu, nalunjika kwa Nungu. Nungu anachita zimene amachita. Anathamanga chafutambuyo mpaka anagunda thunthu lija n'kuligwetsa. Zitsononkho zina zinayoyoka, Chiuli anapondapo chimodzi n'kuterereka, mpira n'kutuluka kunja. Akomiti anapita kukayendera thunthulo, nalitembenuza uku ndi uku. Linalibe bowo ngakhale limodzi.

Achule anaimbanso nyimbo ija, koma tsikuli anawonjezera mzere wonena kuti mpandawo umabaya adani okha, abale umawasisita.

Nyani anadikira kuti phokoso litsike. "Bwana wapampando, mwaona kumene wathamangira?"

"Ndaona kuti thunthu lili bwinobwino."

"Chifukwa cha zitsononkho. Koma woimbira mpira salola wosewera kulowa m'bwalo ndi mphete pachala. Adzalola dengu la zitsononkho?"

"Imeneyo ndi nkhani ya woimbira," anatero Nkhandwe. "Lero tikuyesa Nungu. Mukafuna tsiku loyesa woimbira, mulembe kalata ku komiti."

Akuluakulu anaseka, ndipo mlembi analemba kuti mayeso achiwiri ayenda bwino.

Nyani atafika kunyumba anapeza mkazi wake akusenda mtedza pakhonde. Anamufotokozera zonse.

"Bambo a Mwandida," anatero mkaziyo osakweza mutu, "siyani mpira. Mwatsala ndi diso limodzi."

"Kwatsala tsiku limodzi. Ndapeza njira. Vuto la akomiti ndi lakuti amakhala m'mbali. Sanaimepo pamene ndimaima ine. Mawa ndipempha kuti wapampando aime yekha pagolo, Nungu alibe zitsononkho. Akangoona minga ikubwera kamodzi kokha, sindifunikanso kutchula kanthu."

"Nanga Nkhandwe akakana?"

"Akakana, aliyense adziwa chifukwa chake."

"Nanga akavomera?"

Funso limenelo Nyani anali asanaliganizire.

Tsiku lachitatu anapereka pempho lake pamaso pa onse: zitsononkho zichotsedwe, Chiuli abwerenso, ndipo pagolo paime bwana wapampando. Atatha kuyankhula anayang'ana Nkhandwe, akudikira kuti ayambe kuzemba.

Nkhandwe anawomba m'manja. "Awa ndiye mawu a munthu wamkulu. Ine ndimafuna kupempha zomwezo, koma ndimaopa kuti muona ngati chipongwe. Bwana wapampando, timu zina atsogoleri awo amangodziwa mpando. Inu lero musonyeza kuti mpira mumaudziwa ndi thupi lanu."

A Mvuu anadzuka, natukula chifuwa, nayenda pang'onopang'ono kupita pagolo achule akuwaimbira. Nyani atamva kuwomba m'manja kuja anadziwa kuti walakwitsa penapake, koma sanadziwe kuti pati. Anazindikira a Mvuu ataima kale pakati pa mitengo ya golo. Thupi lawo linadzaza golo lonse. Khungu lawo linali lochindikala ngati chitseko, ndipo maso awo anali pamwamba penipeni pa mutu, kutali ndi pamene minga ya Nungu imafika.

Chiuli anabwera ndi ukali woposa wa dzulo lake. Nungu anaimika minga, nathamanga chafutambuyo ndi liwiro lonse, nagunda mimba ya a Mvuu. Mpira unagunda mwendo wawo n'kubwerera.

A Mvuu anaseka mpaka misozi. "Wandikanda pamene pamandiyabwa. Abwerezenso?"

Nkhandwe anali atafika kale ndi kansalu. "Dikirani, bwana, fumbi lakuderani." Popukutapo anazula minga khumi ndi umodzi imene inazika pamimbapo, naibisa m'thumba lake. Mwini mimbayo sanamve kuti yalowa, ndipo sanamve kuti yatuluka.

"Ndiye zimenezi ndi zimene mwatisungira pano masiku atatu, a Nyani?" anafunsa a Mvuu. "Ine ndaima pamene mumaima inu. Ndi malo abwino. Pali ndi kamphepo."

Nyani anapirira chaka chathunthu, napirira masiku atatu aja, koma mawu amenewa sanathe kuwapirira. Anamasula nsanza imene inali kumaso kwake n'kuiponya pansi.

"Bwana wapampando, yang'anani kuno. Inu mwaima chilili, khungu lanu munga sulowa, maso anu ali padenga. Ine ndimagwira mpira nkhope ili pansi. Diso ili analiboola ndi Nungu, pabwalo lomwe lino, inu mutakhala pampando uwo. Ndatsala ndi limodzi. Mukamusayinanso, mwasayinira diso langa."

Achule anasiya kuimba. Akuluakulu anayang'ana pansi, osati chifukwa cha chisoni, koma chifukwa mwambo unali utaswedwa.

Nkhandwe anagwira pachifuwa. "Mwamva nonse. Ine nkhuku ija ndinainyamula ndi manja angawa. Tinadyera mbale imodzi. Lero mwana wa eni ake akunyozedwa pagulu ndi mlandu umene unatha. Sindinena zambiri, mwambo mukuudziwa kuposa ine."

Komiti inakumana pomwepo, ndipo sinachedwe. Inagamula zinthu ziwiri. Choyamba, mawu a Nyani asalembedwe, chifukwa mlandu wotha sungakhale umboni, ndipo Nyaniyo apepese kwa Nungu pamaso pa onse. Chachiwiri, Nungu asayine mgwirizano wa zaka zitatu, popeza wakhoza mayeso onse. Palibe anatsutsa kuti disolo linabooledwa. Palibe anatsutsa kuti analiboola ndi Nungu. Chimene anatsutsa ndi chakuti mwini diso anali ndi ufulu wonena.

Nyani anapita kukagwira dzanja la Nungu monga analamulidwa. Nungu anayankhula motsitsa mawu, osamuyang'ana.

"Madala, ine sindichitira dala."

"Ndikudziwa, mphwanga. Ukanakhala kuti umachitira dala, bwenzi ndikukupempha kuti usiye."

Mawa lake Nyani anapita kwa a Mvuu kukanena kuti akufuna kupuma pa mpira. A Mvuu anati mayina a osewera anatumizidwa kale kwa oyendetsa ligi, ndipo Loweruka kunali masewero ndi a Kutsidya. Pofika masana achule anali ataima pamsewu wa kwa Nyani ndi nyimbo ija, ataiwonjezera funso latsopano: mpanda wamangidwa, nanga mlonda wokalamba akuthawa chiyani? Anaimba Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu. Nyani akapita kumsika, ogulitsa ankang'ung'udza nyimbo yomweyo.

Loweruka m'mawa anatulutsa jezi yake.

"Mukupita?" anafunsa mkazi wake.

"Zaka khumi ndi zinayi sindinathawepo. Sindifuna kuti ana anga azitchedwa ana a wamantha."

"Mukachita khungu, achulewo ndi amene azidzakutsogolerani kuchimbudzi?"

"Ndisamala."

"Munasamalanso chaka chija," anatero mkaziyo. Komabe anamanga chitenje n'kumutsatira kubwalo.

Woimbira mpira anayendera osewera onse asanayambe, ndipo za zitsononkho palibe anazitchula, chifukwa Nkhandwe sanavutike n'kuzibweretsa. A Kutsidya anabwera ndi womwetsa zigoli wawo watsopano, Kambuku. Chigawo choyamba osewera ena a Kutsidya ankapewa Nungu, n'kumaponya mipira ali kutali, ndipo Nyani anaigwira yonse. Chigawo chachiwiri anagwiranso isanu ndi umodzi, umodzi mwa iyo ndi nsonga za zala. A Mvuu ankauza alendo amene anakhala nawo pafupi kuti onani mmene Nungu wasinthira timu.

Kutatsala mphindi zitatu, popanda wochinya mnzake, Kambuku analandira mpira pakati pa bwalo. Anadutsa mmodzi, nadutsa wachiwiri, natsala ndi Nungu yekha. Sanapatuke. Anabangula kamodzi, nalunjika pa iye.

Nyani anaona minga ikuimirira. Anaona Nungu akuyamba kubwerera, ndipo anaona Kambuku akumenya mpira wapansi, wolunjika kumanja, mbali imene kunali diso lake lamoyo. Mpirawo unali wogwirika. Anagwirapo yotero mazanamazana. Ankangofunika kudziponya pansi, nkhope patsogolo, pamalo pomwe Nungu ankafika.

Nyani anadumphira m'mwamba, nagwira mtengo wopingasa wa golo, nakhala pamenepo. Mpira unadutsa pansi pake n'kulowa. Nungu anautsatira chafutambuyo, nang'amba ukonde, nakaima kunja kwa bwalo ukondewo uli pamsana.

Achule sanachedwe ngakhale kamphindi. Nkhandwe anali atawaphunzitsa mathero awiri a nyimbo ija m'mawa womwewo. Ena anali otamanda ngwazi imene yapereka maso ake onse chifukwa cha timu. Ena anali onyoza nkhalamba imene yakwera mumtengo mdani atafika pakhomo. Anangosankha oyenera tsikulo, ndipo bwalo lonse linavomera.

Masewero atatha komiti inakumana pabwalo pomwepo, masapota atazungulira.

"A Nyani," anatero a Mvuu, "mpira uja unali wogwirika kapena ayi?"

"Unali wogwirika, bwana."

"Munaugwira?"

"Ayi."

"Chifukwa chiyani?"

"Chifukwa chake munandiletsa kuchitchula."

"Ndiye kuti palibe chifukwa," anatero a Mvuu, ndipo mlembi analemba choncho.

Mkulu wina anafunsa ngati Nungu analibe mbali yake pa chigolicho.

"Nungu?" anatero Nkhandwe. "Akuluakulu, pa osewera onse khumi ndi mmodzi, ndani wina amene anautsatira mpira uja mpaka muukonde? Mnzathuyu anafika pagolo, koma anapeza mwini golo atasamuka."

Anagamula kuti Nyani achotsedwe mu timu tsiku lomwelo, asiye jezi, ndipo dzina lake lisatchulidwe pa mwambo wothokoza osewera akale. Za zaka khumi ndi zinayi palibe ananenapo kanthu. Nyani anavula jeziyo, naipinda bwinobwino, naipereka kwa mlembi. Mkazi wake anabwera kudzaima pambali pake, namuyang'ana kumaso nthawi yaitali.

"Mukundiona?" anafunsa mkaziyo.

"Ndikukuona."

"Tiyeni kunyumba."

Asanafike pachipata anamva a Mvuu akudandaula kuti Loweruka likudzalo kuli masewero ena, ndipo timu ilibe goloboyi.

"Musade nkhawa, bwana," anatero Nkhandwe. "Mwamwayi ndili naye mmodzi pachipatapo. Anangobwera kudzaonerera."

Pachipata panali Pusi, wa ku timu ina yaing'ono, atavala kale nsapato za mpira. Nyani anaima patsogolo pake.

"Mphwanga, ukaima pagolo paja usamayang'ane mpira wokha. Uziyang'ananso amene ali patsogolo pako."

Pusi anayang'ana Nkhandwe.

"Asiye madalawa," anatero Nkhandwe. "Kuchotsedwa ntchito kumawawa. Tiye ukapereke moni kwa bwana."

Pusi anamulambalala Nyani n'kupita kukagwada kwa a Mvuu. A Mvuu anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Akuoneka wochangamuka. Koma ife tatopa ndi kusinthasintha, a Nkhandwe. Ameneyu atikhalira nthawi yaitali bwanji kumbuyo kwa Nungu?"

Nkhandwe anagwira Pusi pachibwano, natembenuzira nkhope yake kwa akomiti.

"Muoneni bwino, bwana. Ali nawo onse awiri."

Nthano yanga yathera pamenepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaiphule yekha, ngati sinapserere kale.